Dzanzi Si Matenda, Anatero Kapitawo

Lachinayi, 6 Juni

Bedi 9, wodi ya amayi, pafupi ndi zenera. Lero ndi tsiku lachinayi chigonekedwere. Kope ili wandigulira ndi mwana wanga wamkazi, akuti ndamutopetsa ndi mafunso akuti adokotala anati chiyani dzulo. Mwayi wake ndimalembera kumanja. Dzanja lamanzere lili m'bandeji mpaka pachigongono, alikoleka pa chitsulo cha diripi ngati nyama ya pa bucha.

Ndiyambe ndi za Lolemba, pakuti pali munthu amene angakonde nditaziiwala.

Ndimagwira ntchito pa kampani yochapa ndi kusita nsalu za mahotela, chaka chino n'cha 19. Malo anga ndi pa rola, chimakina chositira mabedishiti. Timaima awiri kutsogolo, aliyense ngodya yake, n'kulowetsa nsalu yonyowa pansi pa chigudumu chotentha, imakatulukira kuseri itauma, itawongoka. Patsogolo pa chigudumucho pali chitsulo chotchinjiriza zala, ukangochigunda makina amaima. Chinayamba kumaimitsa makina pachokha, ndiye miyezi iwiri yapitayo kapitawo wathu anachimangirira m'mwamba ndi waya. Ndinamuona ndi maso angawa, atakwera pa ndowa.

Kapitawoyo timamutchula kuti Wotchi, chifukwa akamayankhula nawe maso amakhala pa mkono.

Lolemba ndinadzuka dzanja lamanzere ndi mwendo zili dzanzi, ngati ndazigonera. Ndinapita ku ntchito poganiza kuti zisiya m'njira. Sizinasiye. Itakwana 7 koloko ndinapita kwa Wotchi, ndinati, "Dzanjali lero si langa, undilole ndikaonetse kuchipatala." Anayang'ana pa mkono. "Dzanzi si matenda, achemwali. Galimoto ya hotela ikubwera 11 koloko. Mupita ikachoka."

Itangodutsa 9 koloko ndinamva fungo. Ndinkati bedishiti ikupserera, ndinayamba kuunguza kuti ndi iti. Amake Mapasa, mnzanga wa ngodya inayo, ndi amene anakuwa n'kumenya batani lofiira. Dzanja langa linali mkati mpaka pamfundo, ine osamva kanthu.

Ndatopa. Mawa.

Lachisanu, 7 Juni

BP m'mawa 184 pa 108. Lolemba inali 196 pa 114. Sindinkadziwa n'komwe kuti ndili ndi BP.

Lero andichepetsera mankhwala opha ululu asanatsuke bala. Anamwino anandipatsa thaulo kuti ndilume. Anachotsa bandeji, kutsuka, kudula khungu lakufa, ine ndikungoonerera ngati akusenda mbatata ya eni ake. Anati, "Mayi, pano si pa mpikisano wolimba mtima, lirani." Ndinati sindikumva. Anandiyang'ana, n'kunditsina pa katumba wa mwendo wamanzere. Ndinaona chala chawo chikulowa, koma kumva ayi. Anatuluka mwachangu.

Masana kunabwera adokotala a ubongo, mayi wamfupi wovala nsapato zothamangira. Anati nditsinzine. Anandikhudza ndi thonje, ndi pini, ndi supuni yozizira, ndi kabotolo ka madzi ofunda. Anapinda chala cha kuphazi, ndinene ngati chaloza m'mwamba kapena pansi. Kumanja ndinakhoza zonse. Kumanzere, kuyambira paphewa mpaka kuphazi, zii. Nkhope ikumva mbali zonse. Mphamvu zilipo, ndinawakankha ndi phazi mpaka anabwerera m'mbuyo.

Anafunsa, "Izi zinayamba musanapse kapena mutapsa?"

"Ndisanapse. Ndinamuuzanso kapitawo."

"Nthawi yanji?"

Ndinawauza, analemba. Kuona cholembera chikuyenda, mtima unakhala pansi koyamba chibwerereni muno.

Loweruka, 8 Juni

Pa bedi 10 pali aphunzitsi opuma ntchito. Ali ndi shuga, awadula zala ziwiri za kuphazi, koma pakamwa sanawadule. Amakonza Chichewa cha anamwino. Pa bedi 8 pali mtsikana amene anapsa ndi mafuta ophikira, sayankhula ndi munthu.

Mwana wanga wabweretsa mpunga wa nyemba ndi nthochi. Ndamuletsa kuthira mchere, wandiseka kuti ndasanduka dokotala pa masiku asanu.

Ku ntchito sikunabwere munthu.

Lolemba, 10 Juni

Sikani ya m'mutu. Anandigoneka pa kabedi n'kundilowetsa m'chimakina chonga paipi. Phokoso lake ngati ogogoda zitsulo khumi. Anati ndisagwedezeke kwa mphindi 25 ndipo ndiganize za zinthu zabwino. Ndinaganiza za Wotchi ataima pa ngodya yanga, waya uja ali pamalo pake. Mphindi zinatha msanga.

Lachiwiri, 11 Juni

BP 162 pa 98.

Adokotala a ubongo abwera ndi ophunzira atatu komanso chithunzi cha m'mutu mwanga. Ndinawapempha ayankhule pang'onopang'ono kuti ndilembe. Nazi zimene anena.

Ndinagwidwa ndi sitiroko yaing'ono. Pakati penipeni pa ubongo pali tinthu tiwiri tonga mazira a njiwa, kena kumanja kena kumanzere, dzina lake thalamasi. Pafupifupi zonse zimene thupi limamva zimayamba zafika pamenepo, kenako zimatumizidwa pamwamba pa ubongo, kumene munthu amazindikirira kuti ndapsa, ndabayidwa, ndakhudzidwa. Mkati mwa thalamasi muli timagulu ta maselo, kalikonse amakatchula kuti nyukiliyasi, ndipo kali ndi ntchito yakeyake. Kulipo ka maso, ka makutu, ka nkhope, ka thupi. Kanga kowonongeka ndi ka thupi. Kali chakunsi, chakumbuyo, cham'mbali, ndipo amakatchula mwachidule kuti VPL. Kamalandira uthenga wa kukhudza, wa ululu, wa kutentha ndi kuzizira, ndi wakuti mkono kapena mwendo uli pati. Njira za mauthengawa zimadutsana zisanafike kumeneko, choncho VPL ya kumanja imatumikira thupi la kumanzere. Kamtsempha kopyapyala ngati ulusi kamene kamaidyetsa magazi kanatsekeka chifukwa cha BP, malo ofanana ndi nyemba imodzi n'kufa. Kagulu ka nkhope kali pafupi pomwepo koma kanapulumuka.

Anandionetsa. Kadontho koyera, basi. Ndikanakaona pa pilokesi ndikanati abwezere kochapa.

Ndinati, "Ndiye kuti zili ngati tebulo lathu losankhira, pamene matumba onse amayamba afikira asanapite ku makina." Anati, "Ndendende. Galimoto zikubwerabe, koma pa tebulo la katundu wa kumanzere palibe wolandira."

Wophunzira wina, pofuna kuonetsa kuti amawerenga, anati fungo lokha ndi limene silidzera kaye pa thalamasi. Ndinati, "N'chifukwa chake ndinayamba kulinunkhiza dzanja langa." 

Mankhwala: asipirini 75 m'mawa, amulodipini 10 wa BP m'mawa, lina la mafuta a m'magazi madzulo.

Lachitatu, 12 Juni

Wabwera.

Ndilembe kaye kuti Wotchi ndi ndani kwa ine. Zaka 14 zapitazo anafika pa geti la kampani ndi kathumba kamodzi, mwamuna atamuthamangitsa. Ndinamutenga. Anagona pabalaza panga miyezi isanu, akufunda bulangeti la mwana wanga. Ndinamulankhulira kwa mabwana, ndinamuphunzitsa kugwira ngodya, kupinda, kumva ndi chikhatho ngati nsalu yauma. Atakwezedwa ndinamululutira ndine.

Analowa nthawi yozonda odwala atanyamula malalanje. Sanayang'ane bandeji. Anafunsa za chakudya, za anamwino, kenako anatulutsa pepala. "Achemwali, n'zongokwaniritsa mwambo wa ofesi, mungosayina apa."

Magalasi anga ali kunyumba, ndiye ndinapatsira aphunzitsi. Anawerenga mokweza, ngati pa asembule. Pepalalo likuti wovulalayo sananene kwa aliyense kuti akudwala. Likuti chitsulo chotchinjiriza chinali bwinobwino, ine ndinadutsitsa dzanja pamwamba pake pofuna kuwongola nsalu, mosatsata malamulo. Pansi pake iye wasayina kale. Aphunzitsi anati, "Mawu awiri mwalakwitsa kalembedwe, mayi. Zina zonsezi sindikudziwa ngati n'zolakwika mwangozi."

Ndinalanda pepalalo n'kulikhalira. Wotchi anati ndilibweze, ndi la ofesi. Ndinati, "Bwera udzalitenge." Anaima, anayang'ana anthu onse amene ankamuyang'ana, n'kutuluka.

Malalanje sindinawakhudze. Aphunzitsi anati malalanje alibe mlandu, anadya limodzi mobisa m'bulangeti.

Ndikufuna adzaime pa geti lomwe lija ndi kathumba komwe kaja.

Lachinayi, 13 Juni

Ndafunsa adokotala a ubongo kuti, ndikanabwera 7 koloko ija, bwenzi nditachira? Anati sangalumbire. Sitirokoyo inachitika ndili mtulo, mwina nthawi ya mankhwala osungunula magazi oundana inali itadutsa kale. "Koma dzanja bwenzi muli nalo lonse."

Ndinawapempha alembe kuti kapitawo ndi amene anachititsa sitiroko. Anakana. Ndinati, "Mwaona nokha zimene walemba iye." Anati, "Iye walemba bodza, ndiye inu mukufuna langa liwonjezere? Ndilemba zimene ndikudziwa: kuti dzanzi linayamba musanapse, ndiponso kuti munthu amene VPL yake yafa sangathawitse dzanja pa moto ngati mmene wina angachitire. Zimenezo n'zokwana."

Ndawakwiyira tsiku lonse. Ndikudziwa kuti akunena zoona, n'chifukwa chake.

Lolemba, 17 Juni

BP 148 pa 90. Mawa ku fiyeta. Achotsa nsonga za zala ziwiri, chapakati ndi chotsatana nacho, n'kuika khungu latsopano kuseri kwa dzanja. Khungulo alisenga pa ntchafu. Adokotala a opaleshoni anati pamene asengapo pamawawa kuposa pa bala penipeni. Ndinati, "Ndiye tengani kumanzere, kumeneko simundipweteka." Anaseka, anati nzeru zimenezo azilemba m'buku.

Mwana wanga wapeza pa foni yake uthenga umene ndinamutumizira Lolemba lija. Ndinali nditauiwala. "Dzanja lachita dzanzi, Wotchi wandikaniza kupita kuchipatala." Nthawi yake 7:06. Ndamuuza aujambule, ausunge pawiri, ndipo akanene ku ofesi yoona za chitetezo cha anthu pa ntchito. Anati, "Amayi, muyambe mwachira." Ndinati, "Ndikachira adzakhala atakonza bodza lina."

Lachitatu, 19 Juni

Zatheka. Nseru. Zala zatsala zitatu zathunthu.

Loweruka, 22 Juni

Abwera Amake Mapasa, akuyang'ana m'mbuyo ngati wakuba nkhuku. Abweretsa buledi ndi mazira owiritsa. Atakhala pansi anayamba kulira, ine ndinawadikira amalize.

Akuti galimoto yonditenga isanafike n'komwe, ine ndili pansi atandithira madzi, Wotchi anali atakwera kale pa ndowa, akumasula waya. Ine pansi, iye pa ndowa. Masana omwewo anaitana amakaniko. Chitsulo chija anachikonza pa mphindi makumi awiri. Kawaya kamagetsi kanali katamasuka, basi. Miyezi iwiri tinaima pamenepo chifukwa cha mphindi makumi awiri.

Onse awauza kuti amene atsegule pakamwa adziwe kolowera.

Ndinati akabwera woyendera wa ku ofesi ya chitetezo ija adzanene zimene anaona. Anati, "Anzanga, ndili ndi ana." Ndinati, "Muli ndi manja awirinso. Mukufuna ndimasule muone?" Ndinayambadi kufunafuna nsonga ya bandeji. Anandigwira, anati basi, basi, ndidzanena.

Atapita aphunzitsi anati, "Mayi uja si amene anakupwetekani." Ndikudziwa. Ndi amene anamenya batani. Koma ndilibe mboni ina.

Lachiwiri, 25 Juni

Khungu lagwira, atero a opaleshoni. Koma kwayamba zina. M'mawa phazi lamanzere linayamba kunyerenyetsa, ndinasangalala, ndinati likudzuka. Pofika masana linali ngati laviikidwa m'madzi owira. Kenako ntchafu, pamene anasenga paja. Nzeru zanga zija. Kenako mkono wonse, nthiti.

Anamwino a masana anayang'ana mabala, anati ali bwino, n'kundipatsa panado. Anati mwina ndi maganizo.

Lachitatu, 26 Juni

Moto. Bedishiti ikandikhudza, moto. Mphepo ya pa zenera, moto. Panado ngati ndameza mwala.

Lachisanu, 28 Juni

Ndilemba pang'onopang'ono.

Adokotala a ubongo sananene kuti ndi maganizo. Anandipititsa thonje pa mkono, ndinakuwa. Anandibaya ndi pini pomwepo, sindinamve kuti ndi pini, patapita kanthawi moto unabuka mkono wonse. Anati izi zimachitikira ena mwa anthu amene thalamasi yawo yavulala, osati onse, ndipo zimayamba patapita masabata kapena miyezi. VPL sikuti imangopatsira mauthenga, imasefanso, kuchepetsa ena, kulekanitsa kukhudza ndi kupweteka. Ikawonongeka, maselo otsala m'mbali mwake amayamba kuwombera okha, ndipo uthenga uliwonse umene wadutsa umakafika pamwamba ngati ululu. Ululuwo ndi weniweni, koma gwero lake si pa khungu. N'chifukwa chake panado sathandiza.

Ndinafunsa ngati zidzatha. Anati kwa ena zimachepa ndi mankhwala, kwa ena zimakhala zaka. Sanandinamize.

Amitiriputilini 25 madzulo. Gabapentini 300, aziwonjezera pang'onopang'ono. Ndizipereka nambala ya ululu, 0 mpaka 10. Lero 9.

Andiikira chitsulo chonga khola pamwamba pa miyendo kuti nsalu isandikhudze. Zaka 19 ndakhala ndikusalaza mabedishiti a anthu osawadziwa, lero sindingafunde ngakhale imodzi.

Pakawawa ndimatchula dzina la Wotchi. Zimathandiza kuposa panado.

Lachiwiri, 2 Julayi

BP 138 pa 86. Ululu 8. Mankhwala akundiumitsa kukamwa ndi kundiwodzeretsa.

Wabwera woyendera wa ku ofesi ija, bambo wa tayi yopapatiza. Ndinamupempha akhale kumanja kwanga. Ndinamupatsa pepala la Wotchi, uthenga wa pa foni, kalata ya adokotala. Ndinafotokoza za waya, za ndowa, za 7 koloko. Ndinapitiriranso: zoti amatiwerengera mphindi za kuchimbudzi, zoti anatsekera mayi woyembekezera panja chifukwa chochedwa, zoti amadzola mafuta onunkhira amene alendo amaiwala m'matumba a mikanjo. Bamboyo anati, "Mayi, tiyeni tikhale pa makina." Ndinati, "Pa makina ndakhalapo kale, bambo."

Anati Amake Mapasa anena kale, ndi amakaniko omwe. Ndinasayina. Dzina langa silinayambe laoneka bwino chonchi pa pepala.

Lachisanu, 5 Julayi

Gabapentini tsopano katatu pa tsiku. Ululu 7.

A mafizo ayamba kundiphunzitsa kuwongola zala. Akuti ndizilipenyetsetsa dzanjali nthawi zonse, maso ndi amene azigwira ntchito ya VPL. Madzi osamba ndiziyesa ndi dzanja lamanja. Ndikamayenda ndiziyang'ana phazi, chifukwa silindiuza pamene laponda. Pa rola sindidzabwereranso. Sananene choncho, koma nditafunsa anayamba kulongedza timipira tawo.

Mtsikana wa pa bedi 8 watuluka. Pochoka anandiuza kuti, "Mayi, muwaonetse." Ndi mawu okhawo amene wayankhula muno mwezi wonse.

Lolemba, 8 Julayi

Wotchi wabweranso, wopanda malalanje, wopanda pepala. Amuimitsa ntchito podikira chigamulo. Waonda m'khosi.

Anagwada pambali pa bedi, anthu akuona. Anati ndi manijala amene anamuuza kuti makina akaimanso kamodzi, woima akhala iye. Ndi manijala amene anati amange chitsulo mpaka nyengo ya alendo ambiri idutse. Ndi manijala amene anamuuza zolemba pa pepala lija, mawu ndi mawu. Mauthenga onse ali pa foni yake. Koma manijalayo ndi mlamu wake wa mwini kampani, akangomuulula ndiye kuti palibenso amene adzamulembe ntchito kwina kulikonse. Tsopano zonse akumukankhira iye. Akuti ndiuze woyendera kuti mwina 7 koloko ija iye sanandimvetse bwino.

Ndinati, "Waya, manijala. Pepala, manijala. Chabwino. Nanga amene anati dzanzi si matenda anali manijala?"

Ndinamufunsanso.

"Amene anakwera pa ndowa ine ndili pansi, anali manijala?"

Anayamba kulira. Anati, "Achemwali, mukumbuke kumene tachokera," n'kundigwira mkono ndi manja onse awiri. Wamanzere. Sanafinye, anangogwira monga agwirira munthu wopepesa.

Sindikudziwa mawu amene ndinatulutsa. Aphunzitsi akuti mayi wina pa khomo anagwetsa fulasiki. Ndinadzikodzera. Pamaso pa alendo a wodi yonse, mayi wa zaka 48. Anamwino anathamanga, anakoka makatani. Asanatseke ndinamuona Wotchi atatsamira khoma, manja ali m'mwamba ngati wagwira chitsulo chamoto, akungoti, "Ndangowagwira, ndangowagwira."

Anamwino aakulu anamuuza, "Ndi mmene alili tsopano, mayi. Simunadziwe?"

Ululu 10 mpaka dzuwa kulowa.

Lachiwiri, 9 Julayi

Aphunzitsi afunsa ngati ndakhuta kumuona Wotchi atagwada. Ndinati ndangolawa. Anati, "Choipa chitsata mwini, musiyeni chimutsate chokha, inu mugone." Ndinati choipa chimayenda pang'onopang'ono, chimafuna wochilozera njira. Anati yankho limenelo akanandipatsa malikisi onse, koma khalidwe ziro.

Mawa akutuluka. Ndiwasowa, ngakhale ndi akuba malalanje.

Lachisanu, 12 Julayi

BP 134 pa 84. Amitiriputilini akweza kufika 50.

Mwana wanga wabwera ndi nkhani. Wotchi amuchotsa ntchito Lachitatu. Dzulo wapita yekha kwa woyendera n'kukapereka foni yake, mauthenga onse a manijala. Manijala waitanidwa kukayankha pa 30.

Ndinamuuza abwereze mawu oyambawo. Anabwereza. Ndinadya mpunga wonse ndi nkhuku yomwe, mpaka kutafuna mafupa.

Ndinkaganiza kuti tsiku limeneli ululu udzatsika. Anamwino atafunsa nambala ndinafuna kunena 3. Ndi 7.

Lolemba, 15 Julayi

Mawa ndikutuluka. Mafizo katatu pa sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi, kiliniki ya ubongo kamodzi pa mwezi.

Ndikuopa. Muno aliyense amadziwa kuti bedi 9 amaidzera kumanja. Kunja palibe akudziwa. Lero ndayesa kuyenda mpaka kolandirira mankhwala, mayi wina anangondikhudza ndi chikwama, ndinakhala pansi pomwepo. Nanga pa siteji? Nanga m'basi? Mwana wanga sangasiye ntchito katatu pa sabata, abwana ake amulezera mtima kale mokwana.

Anamwino aakulu andiuza kuti mayi uja anandigwira mkono Lolemba lapitalo akumakhala pa benchi panja pa wodi nthawi yozonda, kuyambira Lachisanu. Salowa, safunsa kanthu. Belu likalira amapita. Anafunsa ngati auze alonda amuthamangitse. Ndinati ayi, musiyeni, benchi ndi yolimba, akhalepo.

Lachiwiri, 16 Julayi

Ndikulemba ndili pabalaza panga.

Adokotala a ubongo anabwera kudzatsanzika. Anandigwira dzanja lamanja. Anati mankhwala ndisadumphitse, ndipo mkwiyo umakweza BP. Ndinati ndiye awonjezere mapiritsi.

Titatuluka m'wodi ndinamupeza Wotchi pa benchi paja. Anaimirira. Khonde lonse linali lodzaza, anthu ndi mabasiketi, matrole, ana othamanga. Ndinayang'ana khamulo, n'kumuyang'ana iye.

Ndinati, "Iwe, bwera kuno. Uime kumanzere kwanga. Usandikhudze, ndipo wina aliyense asandikhudze. Wamva?"

Anati, "Ndamva, achemwali."

"Achemwali ako anapsera pa rola. Yenda."

Tinayenda choncho, mwana wanga kumanja ndi katundu, iye kumanzere atatambasula mkono ngati wowolotsa ana pa msewu. Mawu ake aja amene tinkawaopa ku ntchito anagwira ntchito lero: "Pang'ono, pang'ono, wodwala!" Anthu ankapatuka. Pa geti bambo wina anatulukira ndi chikatoni paphewa akuthamanga, osaona kutsogolo. Wotchi anadziponya pakati. Ngodya ya katoniyo inamumenya pa tsaya, pafupi ndi diso. Anadzandira, anaimanso pamalo pake. Sindinamufunse ngati wapweteka.

M'basi anandikhazika pa mpando wa m'mphepete mwa kanjira, iye anaimirira kumanzere kwanga atatembenuzira msana kwa anthu, akulandira zigongono ndi matumba onse mpaka tinatsika. Anatiperekeza mpaka pakhomo. Sindinamuuze kuti alowe. Ndinamuuza masiku a mafizo: Lolemba, Lachitatu, Lachisanu, mpaka Januwale. Ndi pa 30, kokayankha manijala. Anagwedeza mutu movomera n'kumapita, tsaya litatupa.

Mwana wanga anatseka chitseko n'kutembenukira kwa ine. Anati, "Amayi, ndiye kuti mwawakhululukira?"

Ndinati, "Ndikanamukhululukira, bwenzi nditamuuza kuti asabwerenso."

Ululu 7. Mankhwala a madzulo ndamwa.